Alamu ya m'manja: tiisankhe bwanji, nanga mwana aigwiritse ntchito motani?

Makolo angapo akhala akutifunsa za tizipangizo tolira tomwe tayamba kuoneka m'mashopu ogulitsa mafoni ndi tochi, tija ena amatitcha alamu ya m'manja. Funso lawo ndi limodzi: kodi n'koyenera kumugulira mwana, makamaka wamkazi, amene amayenda mtunda wautali popita ndi pochokera kusukulu? Funsoli lafika panthawi yake. M'miyezi ya June ndi July dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo kawirikawiri ndi nyengo yomweyi pamene a Folomu 2 ndi a Folomu 4 amatsalira kusukulu pokonzekera mayeso a JCE ndi MSCE. Wophunzira amene waweruka mochedwa, n'kudzera kumadrasa, n'kuswali Maghrib kumzikiti, amakafika pakhomo kuli mdima wa ndiwe yani. M'dzinja namonso muli zake. Chimanga chikatalika, tinjira tachidule todutsa m'minda timabisika, moti munthu atha kukhala chapafupi pomwepo koma osaoneka.

Yankho lathu ndi lakuti inde, alamu ndi yothandiza, koma ntchito yake si imene ambiri amaganizira akamagula. Tiyeni tiyambe ndi kachipangizo keni keniko.

Alamu ya m'manja ndi yaing'ono ngati bokosi la machesi, ina kuchepera apo. M'kati mwake muli mabatire ndi kachimbale kopyapyala kamene kamanjenjemera maulendo masauzande pa sekondi iliyonse moto wa batire ukakafika. Kunjenjemerako ndi kumene kumatulutsa phokoso loboola m'khutu lija. Maalamu ambiri ali m'mitundu iwiri. Mtundu woyamba uli ndi kapini komangidwa ku kachingwe: ukazula kapiniko alamu imayamba kulira, ndipo siileka mpaka kapiniko katabwezedwa pamalo pake. Mtundu wachiwiri uli ndi batani lodina. Ife tikanakhala ogula tikanasankha wa kapini. Munthu akachita mantha zala zimanjenjemera, ndipo kufufuza batani laling'ono mumdima kumavuta, pamene kukoka chingwe ngakhale dzanja lonjenjemera limatha. Chinanso, ya batani wachiwembu akailanda angathe kuizimitsa podinanso, koma ya kapini ngati kapiniko katsala m'dzanja lanu iye alibe pozimitsira.

Pa paketi mudzaona nambala monga 120 dB, 130 dB kapena 140 dB. Zilembo za dB zikuimira decibel, muyezo wa kukula kwa phokoso. Anthu awiri akamacheza bwinobwino mawu awo amakhala cha m'ma 60 dB. Wina angaganize kuti 120 dB ndiye kuti phokoso la macheza lawirikiza kawiri basi. Ayi ndithu. Muyezowu suyenda ngati wa sikelo ya pachigayo. Ukawonjezera 10 dB mphamvu ya phokoso imawirikiza kakhumi, ndipo khutu limamva ngati phokosolo lakula kawiri. Choncho kuchoka pa 60 kufika pa 120 ndi ulendo wautali kwambiri, ndipo cha m'ma 120 mpaka 130 dB ndi pamene khutu limayamba kumva kuwawa. Ophunzira a Physics adzakumbukira kuti pabwalo popanda chotchinga, phokoso limatsika ndi 6 dB nthawi iliyonse mtunda ukawirikiza kawiri. Tiyerekeze kuti alamu ikutulutsa 120 dB poyezera pa mita imodzi. Pa mamita 2 itsika kufika 114, pa mamita 4 ifika 108, pa mamita 16 ifika 96, ndipo pa mamita 64 yatsala 84. Apo sitinawerengere mphepo, makoma, mitengo, mvula yogunda pamalata, kapena wailesi imene ikulira m'nyumba ya amene tikuyembekeza kuti amve.

Masamu amenewa akutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, nambala ya pa paketi isatinyenge, chifukwa opanga ena amayezera phokoso pafupi kwambiri ndi alamuyo kuti nambala ioneke yaikulu. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu m'nkhani yonseyi, mphamvu ya alamu ili pafupi, pakhutu la wachiwembu, osati kutali kumene kuli anthu.

Ku Britain kuli bungwe lotchedwa Suzy Lamplugh Trust. Linakhazikitsidwa mu 1986 ndi makolo a Suzy Lamplugh, mtsikana wa zaka 25 amene ankagwira ntchito yogulitsa nyumba mumzinda wa London. M'mwezi wa July chaka chimenecho anapita kukaonetsa nyumba munthu amene ankati akufuna kugula, ndipo sanaonekenso. Kuyambira pamenepo bungweli lakhala likuphunzitsa anthu za chitetezo chawo, ndipo pa nkhani ya maalamu uphungu wake ndi wakuti ntchito yoyamba ya alamu ndi kudzidzimutsa ndi kusokoneza wachiwembu kwa masekondi ochepa, kuti iwe upeze mpata wothawa. Kuitana anthu ndi ntchito yachiwiri, ndipo sitingaidalire. Ife tikugwirizana nazo. Munthu amene akufuna kuchita choipa amadalira kuti pakhale zii, kuti mwanayo aume ndi mantha, ndiponso kuti pakhale nthawi. Phokoso ladzidzidzi loboola m'khutu limamulanda zonse zitatuzi kwa kanthawi. Kanthawi kameneko mwina ndi masekondi atatu kapena asanu. Mwana akaima n'kumadikira kuti anthu abwere, masekondiwo atayika chabe.

Tikudziwa tonse mmene anthu amachitira akamva alamu ya galimoto m'tauni. Amatembenuka kamodzi n'kupitiriza zawo. Phokoso la makina silinena kuti vuto n'chiyani, lili pati, kapena kuti womva achite chiyani. Mawu a munthu ndiwo amanena. N'chifukwa chake alamu siilowa m'malo mwa kukuwa. Ziwirizi zimayendera limodzi.

Kuno kwathu maalamu amenewa si achilendo kwenikweni. Mu 2019, pamene kubedwa ndi kuphedwa kwa abale athu achialubino kunali pakamwa pa aliyense, boma linagawa maalamu kwa ena mwa iwo. Funso limene nkhani ija inatisiyira ndi lomwe tiyenera kudzifunsa ifenso lero: alamu ikalira usiku pamudzi, amene atuluke ndi ndani? Ku Japan, kumene ana a pulayimale ambiri amayenda okha popita kusukulu, alamu yotere imakolowekedwa pa lamba wa chikwama cha mabuku, ndipo m'madera ambiri ana amapatsidwa akangoyamba sukulu. Koma anthu a kumeneko sanalekere pa kachipangizo. Ali ndi nyumba ndi mashopu okhala ndi chikwangwani pakhomo, zosonyeza kuti mwana aliyense amene wachita mantha panjira angathe kuthawira pamenepo ndipo eni ake amulandira n'kuitana apolisi. Mfundo imeneyi tibwereranso kwa iyo, chifukwa ndi imene ikukhudza akuluakulu athu a komiti ya mzikiti.

Posankha alamu m'shopu

Musagule alamu imene wogulitsa wakana kuti muiyese. Ilire pomwepo, inu mukumva. Ngati mungathe, wina aime panja kapena kutsidya kwa msewu kuti anene ngati ikumveka. Alamu yabwino imakupangitsani kufuna kutseka makutu; ikamalira ngati kachidole ka mwana, isiyeni ngakhale ikhale yokongola bwanji. Zambiri zimapangidwa ngati kamtima kapena kanyama kokoloweka kumakiyi, zamitundu yowala, ndipo atsikana athu amakopeka nazo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yang'anani kapini: kasakhale kofewa moti n'kuzuka kokha chikwama chikagundana ndi cha mnzake mu minibasi, komanso kasakhale kolimba moti mwana wa Folomu 1 n'kulephera kukazula ndi dzanja limodzi. Mwini wake wa alamuyo ndi amene ayese kuzula, osati bambo ake.

Funsani za mabatire musanalipire. Zambiri zimagwiritsa ntchito timabatire tozungulira ngati mabatani a malaya, totchedwa LR44, kapena AG13 pa mapaketi ena. Zina zimalowa mabatire a AAA, aja a mu rimoti. Zina n'zotchaja ndi chingwe cha USB ngati foni. Kwa banja lokhala kutali ndi tauni, ya AAA ndi yosavuta chifukwa mabatire ake amapezeka pa okala iliyonse. Yotchaja ndi yabwino pamene pali magetsi kapena sola, koma imafuna munthu wokumbukira, ndipo wophunzira amene amaiwala cholembera tsiku la mayeso sitingamudalire kuti azikumbukira kutchaja alamu. Onaninso ngati potsekera mabatire pali kasikuluwu. Kasikuluwu kamathandiza pawiri: alamu ikagwa pansi mabatire samwazika, ndiponso mwana wamng'ono sangatsegule.

Pamenepa tichenjeze amayi ndi onse olera ana. Timabatire tozungulirati n'toopsa kwambiri mwana wokwawa akatimeza. Kamodzi kokha kakatsakamira pakhosi kangathe kuotcha m'mero m'maola awiri okha. Mukakayikira kuti mwana wameza, musamusanzitse ndipo musadikire kuti muone mmene zikhalire. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Mabatire akutha musawataye pabwalo pomwe ana amasewera.

Maalamu ena ali ndi katochi. N'kothandiza poona njira magetsi akazima, koma kamadya batire lomwelo limene alamu ikudalira. Mwana akamawerengera notsi ndi katochiko usiku uliwonse, tsiku loti alamu ilire idzangoti nyii.

Ikhale pati?

Alamu imene ili pansi pa chikwama, kunsi kwa mabuku ndi mbale ya chakudya, ndi chimodzimodzi kusakhala nayo. Malo ake ndi pa lamba wa chikwama kutsogolo, cha pachifuwa, kumbali imene dzanja lamphamvu limafika mosavuta. Pofika pamalo okayikitsa, monga pamlatho, pamanda, m'munda wa chimanga kapena kuseri kwa nyumba zosamalizidwa, ikhale m'dzanja, chala chili kale m'kachingwe. Atsikana ovala hijabu yaitali yofika m'chiuno ayesere kunyumba ngati dzanja likuipeza msanga alamuyo, chifukwa nsalu ikaiphimba imachedwetsa dzanja komanso imachepetsa phokoso. Kwa ambiri n'kwabwino kungoigwira m'manja kunja kwa nsalu. Sitikulimbikitsa kuivala m'khosi ndi chingwe cholimba, poti chingwecho wachiwembu angathe kukokera nacho mwana.

Anyamata nawonso nkhaniyi ndi yawo. Ambiri a iwo ndi amene amatuluka kusanache kupita ku Fajr, kapena kubwerera mochedwa kuchokera ku Isha, ndipo m'mwezi wa Ramadan Taraweeh imatha usiku ndithu. Olanda mafoni ndi njinga safunsa ngati uli mnyamata kapena mtsikana.

Nanga zikachitika, mwana achite chiyani? Asadikire kuti munthu amugwire. Ngati wina akumutsatira, iye n'kuwoloka msewu winayo n'kuwolokanso, kapena ngati wina wamutsekera njira, kapena akumukakamiza kukwera galimoto kapena njinga yamoto, nthawi yakwana. Azule kapini, alozetse alamu chakumaso kwa munthuyo dzanja litatambasuka, akuwe, athawire kumene kuli kuwala ndi anthu, osati kutchire kapena m'munda. Ngati munthuyo walimbana ndi kulanda alamuyo, aisiye kapena aiponye pambali ikulirabe. Pamene iye akulimbana nayo, mwana akhale atapita. Chikwama chikamulemera achitaye. Mabuku tidzapeza ena. Ndipo ngati wachiwembu ali ndi mpeni kapena chikwanje ndipo akungofuna foni kapena ndalama, mwana apereke, osalimbana. Alamu aiimbe munthuyo atapatuka, kapena pamene akuona kuti akufuna kumuvulaza kapena kumukokera kwina. Apa palibe lamulo limodzi lokwanira zochitika zonse, koma moyo ndiwo uli patsogolo pa katundu.

Pokuwa, mawu akhale omveka ndi olunjika. "Ndithandizeni! Sindikumudziwa munthuyu!" amathandiza kwambiri, chifukwa anthu ambiri akaona mwamuna akukokana ndi mtsikana amaganiza kuti ndi nkhani ya m'banja ndipo amangodutsa. Ngati pali munthu chapafupi, mwana amuloze ndi kumutchula: "Amayi inu a dengu, ndithandizeni!" Munthu amene watchulidwa yekha zimamuvuta kunyalanyaza, pamene gulu limangoyang'anana, aliyense kudikira mnzake.

Chopinga chachikulu chimene timachiona mwa ana athu ndi manyazi. Tinawalera kuti azilemekeza akuluakulu, asamakweze mawu, asamachititse munthu manyazi pagulu, ndipo ndi maleredwe abwino. Koma mwana wotereyu akafika pangozi amayamba kudzifunsa kuti, "Nanga ndikaimba alamu kenako n'kupezeka kuti bamboyu amangodzidutsira?" Makolo, muuzeni mwana wanu ndi pakamwa panu kuti akaimba alamu chifukwa cha mantha enieni, ngakhale zitapezeka kuti panalibe choopsa, simudzamukalipira. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kenako yeserani naye pabwalo kangapo: kuzula, kukuwa, kuthamanga. Poyamba adzaseka, mawu adzatuluka pang'ono. Kachitatu kapena kachinayi thupi limayamba kuzolowera. Poyeserapo alamu ikhale kutali ndi khutu, muiphimbe ndi chikhatho, ilire sekondi imodzi kapena ziwiri basi, ndipo anansi muwadziwitse kaye. Phokoso lopitirira 120 dB pafupi ndi khutu lingathe kuwononga kamvedwe, ndiye kuimbira mnzako alamu m'khutu mwa nthabwala si masewera.

Banja limene silingakwanitse kugula alamu lisadandaule. Wezulo, ija ya oyimbira mpira, ndi yotsika mtengo, siifuna batire, mvula siiwononga, ndipo m'madera ambiri anthu anazolowera kale kuti wezulo ikalira usiku ndiye kuti achitetezo a m'dera akuitana. Kuipa kwake n'kwakuti imafuna mpweya ndi pakamwa. Munthu amene akuthamanga wefuwefu, kapena amene watsekedwa pakamwa, sangaiimbe, ndiponso sungaimbe wezulo uku ukukuwa. Ngakhale zili choncho, wezulo m'dzanja iposa alamu yakufa batire. Za mafoni tingonena mwachidule: mafoni ambiri amakono ali ndi njira yoitanira thandizo podina batani la m'mbali kasanu motsatizana, ndipo makolo ndi aphunzitsi angachite bwino kuitchera pa mafoni awo. Kwa wophunzira foni si yankho, poti kusukulu siloledwa, ndipo panjira ndi imene imaitana akuba. Mipeni, malezala ndi zina zotere n'zoletsedwa pasukulu pano, ndipo chida chimene mwana wanyamula chimatha kutembenukira iye mwini. Ubwino wa alamu ndi womwewo, kuti ngakhale italandidwa singamuvulaze.

Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti

Tabwerera ku funso lija: ikalira, atuluke ndani? Apa ndi pamene tikupempha thandizo lanu. Inu mumadziwa nyumba iliyonse ya m'njira zimene ana athu amadutsa, mumadziwa eni magolosale, a kabaza a pasiteji, alonda ndi mafumu. Tikupempha kuti pa Juma ina, zolengeza zikamaperekedwa, anthu amveko kamodzi kulira kwa alamu panja pa mzikiti, kuti tsiku lina akadzaimva adzadziwe kuti si galimoto koma mwana. Tikupemphanso kuti pa njira iliyonse yaikulu pasankhidwe makomo awiri kapena atatu, a Asilamu ndi a anansi athu a zipembedzo zina omwe, kumene mwana angathawire nthawi iliyonse. Makomo amenewa asankhidwe mosamala, makolo ndi amfumu akudziwa, ndipo akhale oti pamakhala amayi nthawi zambiri. Ana awadziwe ndi maso, osati pa pepala pokha.

Pali chinthu china chimene tiyenera kuchinena poyera. Tonse tamvapo za anthu amene anamenyedwa mpaka kufa, ena kuotchedwa, chifukwa wina anakuwa kuti "Wakuba!" ndipo pambuyo pake zinapezeka kuti sanali iye. Sitikufuna kuti alamu ya mwana wa pasukulu pano idzakhale chiyambi cha zoterozo. Wotuluka atamva alamu ntchito yake ndi kufika pamene pali mwanayo, kumuteteza, kuona bwino nkhope ndi zovala za wothawayo kapena nambala ya galimoto, ndi kudziwitsa apolisi pa 997 kapena kupolisi yapafupi. Woganiziridwa akagwidwa aperekedwe m'manja mwa apolisi ali wamoyo ndi wosavulazidwa.

Chimene alamu singachite

Mu 2013 boma linachita kafukufuku wa dziko lonse wa nkhanza zochitikira ana ndi achinyamata. Anapeza kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa 5 alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa 7 alionse, anachitiridwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18. Ndipo ochita nkhanzazo nthawi zambiri sanali anthu obisala m'chimanga. Anali zibwenzi, anzawo a m'kalasi, anansi, anthu odziwika. Mwana saimbira alamu munthu amene amadya naye mbale imodzi, kapena amene amamulipirira fizi, kapena amene aliyense amamupatsa ulemu. Zoterezi zimachitika mwakachetechete, ndi mphatso, ndi ziopsezo, ndi mawu akuti usauze munthu. Kholo limene lagula alamu lisaganize kuti lamaliza. Mwana afunika kudziwa kuti pali munthu wamkulu amene angamuuze chilichonse osakalipiridwa kapena kuimbidwa mlandu. Pasukulu pano mphunzitsi wa kalasi ndi aphunzitsi aakazi oyang'anira atsikana ndi okonzeka kumva nkhani zotere mwachinsinsi. Pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, ndipo kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit imene imalandira madandaulo otere. Ngati mwana wagwiriridwa, afike kuchipatala mwamsanga, asanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyi.

Ndiponso alamu isapatse mwana mtima woti tsopano angathe kudzera njira yachidule yekha usiku. Kuyenda awiri kapena atatu, kudzera njira yaikulu ngakhale ili yozungulira, kusavala zomvera nyimbo m'makutu poyenda, ndi kudziwitsa kunyumba nthawi yofikira, zonsezi zikhalebe monga kale.

Ophunzira amene ali ndi alamu aloledwa kubwera nayo kusukulu, koma aionetse kwa mphunzitsi wa kalasi kuti alembe dzina. Woiimba m'kalasi kapena pabwalo mwa masewera adzalandidwa, ndipo kholo ndi limene lidzabwere kudzaitenga, chifukwa anthu akazolowera kuimva ikulira pachabe, tsiku lenileni palibe amene adzatembenuke. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse, tikatha asembule, onse okhala ndi maalamu adzawayesa limodzi kumapeto kwa bwalo la mpira, aliyense sekondi imodzi. Imene yayamba kulira mofooka mabatire ake asinthidwe sabata yomweyo, onse nthawi imodzi, osasakaniza akale ndi atsopano. Imene yanyowa ndi mvula ichotsedwe mabatire, iume bwino pamthunzi, kenako iyesedwenso isanabwerere pa chikwama.